Kamwala Komva Poizoni mu Mpweya

Pa 22 Malichi 1995 apolisi a ku Japan anazinga malo a gulu lachipembedzo la Aum Shinrikyo m'mudzi wa Kamikuishiki, m'tsinde mwa phiri la Fuji. Anali atavala zophimba kumaso zosefa mpweya, koma ena mwa iwo ananyamulanso timbalame ta canary m'zikwere. Dziko lotchuka ndi makina apamwamba linkadalira mapapo a kambalame: kakagwa pansi, ndiye kuti mpweya waipa, aliyense athawe. Imeneyi ndi njira ya m'migodi ya malasha, imene ngakhale a ku Britain anali ataisiya mu 1986.

Mantha a apolisiwo anali omveka. Masiku awiri m'mbuyomo, m'mawa wa pa 20 Malichi, anthu asanu a gululi anakwera sitima zisanu za pansi panthaka mumzinda wa Tokyo atanyamula majumbo okhala ndi poizoni wotchedwa sarin. Anawaboola ndi nsonga za maambulera, n'kutsika. Anthu 12 anamwalira panthawiyo, chiwerengero chimene chinadzakwera pambuyo pake, ndipo oposa 5,000 anathamangira kuchipatala.

Nkhanza ya achiwembuwo ndi yodziwika. Chimene sichikambidwa kawirikawiri ndi maola amene mzinda wonse unakhala usakudziwa chimene chikupha anthu. Ogwira ntchito awiri a pa siteshoni ya Kasumigaseki anachotsa majumbowo ngati zinyalala wamba, ndipo onse awiri anafa. Ozimitsa moto poyamba ananena kuti mankhwalawo anali acetonitrile. Chipatala cha St. Luke's chinalandira odwala 640 tsiku limenelo, ambiri ali ndi zovala zomwezo zimene zinali kutulutsabe nthunzi ya poizoni, mwakuti anamwino ndi madokotala ena anayamba nawonso kuona mdima. Panadutsa maola pafupifupi atatu apolisi asanalengeze kuti ndi sarin, ndipo madokotala ambiri anamvera pa TV monga wina aliyense.

Lero tikuyamikira anthu amene kwa zaka zoposa 40 akhala akulimbana ndi maola atatu oterewa kuti asanduke masekondi. Njira zodziwira poizoni mu mpweya zilipo zingapo, koma ife tasankhapo imodzi: tizipangizo toyendera mafunde a pamwamba pa mwala, timene akatswiri amatitchula mwachidule kuti SAW. Maina a opanga tizipangizoti samveka pa wailesi, ndipo monga tionere kutsogoloku, pali mpikisano waukulu umene anagonja. Tikuwayamikirabe, ndipo tinena chifukwa chake.

Maziko a ntchitoyi ndi akale, ndipo amene anawayala sankaganizako n'komwe za poizoni. Mu 1880 abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, anapeza kuti miyala ina yonyezimira monga quartz imatulutsa magetsi ikafinyidwa, ndipo posakhalitsa zinatsimikizika kuti ukaipatsa magetsi imadzikoka ndi kudzitambasula. Mu 1885 Lord Rayleigh wa ku England anasonyeza ndi masamu kuti pali mtundu wa mafunde umene umayenda pamwamba pokha pa chinthu cholimba, osalowa mkati kwenikweni. Ndi mafunde omwewa amene amagwedeza nthaka pa chivomezi. Mfundo ziwirizi iliyonse inakhala payokha zaka 80, mpaka mu 1965 pamene Richard White ndi F. W. Voltmer a pa yunivesite ya California ku Berkeley anazikumanitsa.

Zimene anachita zimamveka zophweka munthu akamazifotokoza. Pa kachidutswa kosalala ka quartz, kumapeto kumodzi, amasindikizapo timizere topyapyala ta chitsulo tolowanalowana. Magetsi osinthasintha akafika m'timizereti, pamwamba pa mwalawo pamanjenjemera ndipo funde limanyamuka. Kumapeto kwinako kuli timizere tina tolandira fundelo n'kulisandutsanso magetsi. Oyamba kupindula anali opanga makina a radar ndi ma TV, kenako opanga mafoni. Foni imene muli nayo m'thumbamo ili ndi tizidutswa totere tosefa mafunde a netiweki. Zimenezi n'zofunika pa nkhani yathu, chifukwa chinthu chimene mafakitale amapanga miyandamiyanda chaka chilichonse sichikhala chodula.

Kwa wopanga foni, fumbi kapena chinyezi zikakhala pamwamba pa kamwalako ndi tsoka, choncho amakatsekera ndithu. Henry Wohltjen, amene ankachita maphunziro ake pansi pa Raymond Dessy ku Virginia Tech, anaona kuti chimene ena akuchitcha vuto n'chimene katswiri wa mankhwala akuchifuna. Mu 1979 awiriwa anasindikiza zotsatira zawo m'magazini ya Analytical Chemistry, kusonyeza kuti kamwala kosatsekera kangathe kumva nthunzi ya mankhwala ikamadutsa. Woyimba ng'oma aliyense amadziwa kuti ukamata phula pakati pa chikopa, ng'oma imatsika mawu, ndipo phula likachuluka mawu amatsikirako. Kamwala ka SAW kamachita chimodzimodzi. Kanthu kalikonse kakamatirira panjira ya funde lija, fundelo limachepa liwiro, kunjenjemera kumatsika, ndipo makina owerengera amaona kusinthako.

Manambala ake ndi ochititsa chidwi. Pa quartz fundeli limayenda mamita opitirira pang'ono 3,000 pa sekondi. Tizipangizo timene tinagwiritsidwa ntchito kwambiri m'kafukufuku wa asilikali a pamadzi a ku America tinkanjenjemera ka 158 miliyoni pa sekondi, kutanthauza kuti funde limodzi linali lotalika mamaikiromita pafupifupi 20, kuchepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mphamvu yonse ya fundelo imakhala m'kachigawo kopyapyala chonchi ka pamwamba, n'chifukwa chake chilichonse chokhudza pamwambapo chimamveka msanga. Kulemera kosafika gawo limodzi mwa magawo biliyoni a galamu kumaoneka. Kuyeza kulemera ndi quartz sikunali kwachilendo: Günter Sauerbrey wa ku Germany analemba masamu ake mu 1959, ndipo William King anagwiritsa ntchito njirayo kuyeza nthunzi mu 1964. Koma tizipangizo tawo tinkanjenjemera thupi lonse, ndipo kuti tithamange kwambiri tinkayenera kupalidwa mpaka kufika posweka. Pa SAW liwiro la kunjenjemera limadalira mpata wa pakati pa timizere tija, kotero mwalawo ungathe kukhala wochindikala, wolimba, wotheka kuunyamula m'thumba la wozimitsa moto.

Komabe kamwala kopanda kanthu ndi sikelo chabe. Kamanena kuti chinachake chafika, osanena kuti n'chiyani. Apa ndiye pagona ntchito imene tikuiyamikira kwambiri, ndipo kuti imveke tiyenera kudziwa mdani wake.

Sarin ndi anzake monga tabun, soman ndi VX amapha potsekereza enzaimu ya m'thupi yotchedwa acetylcholinesterase, imene ntchito yake ndi kuzimitsa uthenga wa mitsempha ukatha kufika. Enzaimuyi ikagwidwa, minofu imangokokana osamasuka, timwana ta m'maso timachepa, malovu ndi mamina zimayenderera, kenako kupuma kumaima. Sarin wosasakaniza alibe mtundu, alibe fungo. Gerhard Schrader wa kampani ya IG Farben anatulukira tabun mu 1936 akufunafuna mankhwala ophera tizilombo ta m'munda, ndipo sarin anatuluka m'gulu lake lomwelo mu 1938. Ubale umenewu ulipo mpaka lero. Actellic amene alimi amathira m'chimanga chosunga ali ndi mankhwala a mtundu womwewu wa organophosphate, ngakhale kuti mphamvu yake pa munthu ili kutali kwambiri ndi ya sarin. Choncho wopanga kachipangizo kochenjeza ali ndi ntchito ziwiri: kumva kachinthu kochepetsetsa, ndi kukasiyanitsa ndi abale ake komanso ndi zinthu zina mazanamazana zimene zimayandama mu mpweya wa mumzinda.

Yankho lawo linali kupaka kamwalako kansalu kopyapyala ka polima, mankhwala onga mphira amene amamwa nthunzi ina kuposa inzake. Kunena n'kosavuta, koma kupeza polima yoyenera kunadya zaka. Ku Naval Research Laboratory mumzinda wa Washington, kumene Wohltjen anapita atamaliza maphunziro, akatswiri monga Jay Grate, Susan Rose-Pehrsson ndi Andrew McGill anaikapo mtima. Anazindikira kuti mapoizoni a mitsempha ali ndi malo amodzi pa thupi lawo, pamene phosphorus wagwirana ndi okosijeni, amene amakopeka ndi haidrojeni wa mankhwala ena. Ndiye anafunafuna, ndi kupanga, mapolima okhala ndi haidrojeni wotere, wozunguliridwa ndi fluorine kuti akope kwambiri. Imodzi inali fluoropolyol. Ina, imene inadza pambuyo, amaitcha SXFA.

Luso lake lili pa muyezo wa kagwiridwe. Polima ikagwira poizoni mwamphamvu kwambiri, imamusankha bwino koma simutaya, ndiye kachipangizo kamagwira ntchito kamodzi n'kutha. Ikagwira mofooka, imamasula msanga n'kukhalanso yokonzeka, koma imagwiranso zilizonse zodutsa. Akatswiriwa anafuna pakati: kugwira kokwanira kuti kumveke, kofooka mokwanira kuti mpweya wabwino ukadutsa polimayo iyere m'masekondi ochepa. Ndipo sanafune kumangoyesa mwamwayi. Grate anagwirizana ndi Michael Abraham wa ku University College London, amene anali ndi masamu olosera mmene mankhwala amasungunukira mu anzawo, ndipo masamuwo anawathandiza kudziwiratu kuti polima yakuti idzamwa nthunzi yakuti mochuluka bwanji. Ntchito yotereyi ilibe chikoka. Ndi ya matebulo a manambala, yoyeza chinthu chimodzimodzi kambirimbiri. Koma popanda iyo kamwala kaja kakanakhala chidole cha mu labotale.

Walira mvula walira matope. Kachipangizo kakamamva kwambiri, kamalira pa zinthu zambiri, ndipo alamu yolira pachabe ndi yoopsa m'njira yakeyake. Pa nkhondo ya ku Gulf ya 1991, asilikali a America anali ndi maalamu otchedwa M8A1, amene sankayendera SAW, ndipo ankalira kawirikawiri chifukwa cha utsi wa dizilo, fumbi, kapena batire yofooka. Kulira kulikonse kunkatanthauza kuvala zophimba kumaso m'chipululu. Asilikali ena anatopa n'kuyamba kuwanyalanyaza kapena kuwazimitsa. Mumzinda mtengo wake ndi wina: alamu yabodza pa siteshoni ya sitima imaimitsa ulendo wa anthu masauzande, imatha kuyambitsa chipwirikiti anthu n'kupondana, ndipo ikabwereza kawiri katatu bwana amalamula kuti makinawo achotsedwe. Amene amagula zipangizo zotere amakonda kufunsa kuti zimamva kuyambira pa mlingo wochepa bwanji. Funso lofunika mofanana nalo ndi lakuti zimatha masabata angati zisananame.

Gulu la ku Naval Research Laboratory linalitenga funso lachiwirili kukhala lawo. M'malo modalira kamwala kamodzi, anaika timiyala tingapo pamodzi, kalikonse ndi polima yakeyake. M'makina amene Grate, Rose-Pehrsson, Wohltjen ndi anzawo anafotokoza mu 1993 munali tinayi: kena kopakidwa fluoropolyol kokonda poizoni wa mitsempha, kena kopakidwa polyepichlorohydrin komva bwino mpweya wa mustard wotupitsa matuza pakhungu, kena ka ethyl cellulose, ndi kena ka polyethylenimine kamene kamamwa kwambiri chinyezi. Palibe ngakhale kamodzi kamene kangatchule dzina la poizoni pakokha. Koma nthunzi iliyonse imatsitsa tinayi tonseti mosiyanasiyana, ndipo kusiyanaku ndiye chizindikiro chake. Petulo amasiya chizindikiro china, chinyezi china, sarin china. Kompyuta yaing'ono imayerekeza chizindikirocho ndi zimene inaphunzitsidwa, ndipo imalira pokhapokha zikafanana. Taonani nzeru yoika kamwala komva madzi m'makina ofunafuna poizoni: ntchito yake ndi kuuza anzake kuti kusintha kumene akukuonako ndi chinyezi chabe, asadzidzimuke.

Anawonjezeranso kachubu kokhala ndi ufa wotchedwa Tenax. Pampu imakoka mpweya kudutsa mu ufawo kwa kanthawi, nthunzi zolemera zimatsalira, kenako kachubuko kamatenthedwa mwadzidzidzi ndipo zonse zimatuluka pamodzi kupita pa timiyala tija. Motero poizoni amene anali wochepa kwambiri mu mpweya amafika ali wounjikana, komanso nthawi imene amatulukira m'kachubumo imakhala umboni wina womuzindikirira. Za kutentha nazo anaziganizira, poti quartz ndi polima zomwe zimasintha kukatentha kapena kukazizira. Anasunga timiyalato pa kutentha kosasintha, ndipo makina ambiri amakhalanso ndi kamwala kosapakidwa koyerekezera.

Kuchokera apa panatuluka zipangizo zenizeni. Wohltjen anayambitsa kampani ya Microsensor Systems, imene inapanga makina onyamula m'manja otchedwa SAW MiniCAD ndi HAZMATCAD, ndipo pambuyo pake inagulidwa ndi kampani ya zida zotetezera ogwira ntchito ya MSA. Ku Sandia National Laboratories anapanga MicroChemLab, mmene kosonkhanitsa nthunzi, kanjira kolekanitsa mankhwala ndi timiyala ta SAW zonse zinachepetsedwa kuti zikwane m'dzanja. Ku California, Edward Staples anatenga njira ina m'makina otchedwa zNose: kamwala kake sikapakidwa polima, ndipo ntchito yosiyanitsa imachitidwa ndi kachubu kolekanitsa mankhwala mwaliwiro asanafike pa kamwalako.

Tsopano mbali imene otsatsa malonda sainena. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 asilikali a America anafuna kachipangizo kamodzi kakang'ono ka magulu awo onse, pansi pa ndondomeko yotchedwa JCAD. Mtundu woyamba, wa kampani ya BAE Systems, unali wa SAW. Sunakhoze mayeso, ndipo ndondomekoyo inakonzedwanso. Makina amene anadzagulidwa ambirimbiri, a kampani ya Smiths Detection, amayendera njira ina yotchedwa IMS, yoyeza liwiro la tizidutswa ta mankhwala topatsidwa magetsi. Pa mpikisano waukulu wa makina a msilikali, SAW inagonja.

Zofooka zake n'zodziwika, ndipo ochita kafukufukuwo anazilemba okha. Polima imakalamba, ikakhala miyezi pa dzuwa, pa fumbi ndi pa utsi, kamvedwe kake kamasintha ndipo imafunika kuyezedwanso. Chinyezi chikasintha mwadzidzidzi chimasokonezabe. Mipweya yopepuka monga chlorine, phosgene ndi hydrogen cyanide siikhalitsa m'mapolima amenewa, n'chifukwa chake mtundu wa HAZMATCAD Plus unawonjezeredwa masensa a njira ina. Ndipo kachipangizo kotere kamangonena gulu la poizoni, kuti ndi wa mitsempha kapena wa matuza. Umboni wokatengera kukhoti umachokera ku labotale, pa makina akuluakulu a mass spectrometry.

Nanga ulemu wathu ukupita pati? Choyamba pa mfundo yakuti kudziwa gulu lokha n'kokwanira kupulumutsa moyo m'mphindi zoyambirira. Wozimitsa moto wa ku Kasumigaseki sankafunika dzina lenileni la mankhwala. Akanangodziwa kuti ndi poizoni wa mitsempha, akanaletsa anthu kugwira majumbo aja, akanavula odwala zovala asanakwere ambulansi, ndipo zipatala zikanatulutsa mankhwala ochizira a atropine ndi pralidoxime m'mawa momwemo. Ndipotu chimene chinathandiza madokotala ena a ku Tokyo chinali chenjezo la munthu: Dr. Nobuo Yanagisawa wa pa yunivesite ya Shinshu, amene anathandiza odwala pamene gulu lomweli linamwaza sarin mumzinda wa Matsumoto mu Juni 1994, anazindikira zizindikirozo pa TV n'kutumiza malangizo ku zipatala. Mzinda suyenera kudalira mwayi woti dokotala woyenera akhale akuonera TV.

Ulemu wina ukupita pa kachitidwe kawo. Ndalama zambiri za kafukufukuyu zinachokera kwa asilikali, ndipo wowerenga wina angakayike ngati nkhani yotere ikuyenera kuombedwa m'manja. Kukayikako tikukumva. Koma chimene chinapangidwa ndi chishango, ndipo mbali yaikulu ya nzeru zake sinabisidwe m'makabati a boma. Maina a mapolima, masamu olosera, njira zosiyanitsira zizindikiro, zonse zili m'magazini a sayansi amene wophunzira aliyense angawerenge. Mayeso ambiri anachitika ndi mankhwala oyerekezera monga DMMP, ofanana ndi sarin m'kagwiridwe koma opanda ukali wake, kotero mayunivesite wamba anatha kulowa nawo m'ntchitoyi popanda kusunga poizoni weniweni. Zotsatira zake n'zakuti timiyala tomweti lero tikuyesedwa pa ntchito zimene msilikali alibe nazo gawo: kununkhiza zakudya zoyamba kuwonongeka, kuyeza nthunzi zoopsa m'mafakitale, ndi kufufuza zizindikiro za matenda mu mpweya umene munthu amapuma.

Palinso ubwino wina umene suoneka msanga. Makina akale ambiri oyeza tizidutswa ta magetsi ankafuna kachidutswa kotulutsa cheza choopsa cha nyukiliya, monga nickel-63 kapena americium-241, ndipo zimenezi zimabwera ndi ziphaso, malamulo a kanyamulidwe ndi mutu wa katayidwe. Kamwala ka SAW sikafuna zoterozo, ndipo kamadya magetsi ochepa. Kwa gulu la ozimitsa moto la tauni yaing'ono, kusiyana kumeneku kungathe kukhala kumene kumachititsa kuti akhale ndi makina kapena asakhale nawo. Ndipo ngakhale makina a SAW anagonja pa JCAD, maganizo amene anakulira mmenemo, oika masensa angapo pamodzi, osonkhanitsa nthunzi isanayezedwe, oweruza ndi chizindikiro chonse osati nambala imodzi, akupezeka lero m'zipangizo zambiri zonunkhiza mankhwala.

Wina anganene kuti zida za poizoni zinatha. Mbali ina n'zoona. Pangano loletsa zida zimenezi linayamba kugwira ntchito pa 29 Epulo 1997, ndipo maiko 193 ali m'panganoli, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique. Bungwe loliyang'anira, OPCW, limene likulu lake lili ku The Hague, linalandira mphotho ya mtendere ya Nobel mu 2013. Pa 7 Julayi 2023 chida chomaliza mwa zonse zimene maiko anaulula chinawonongedwa ku Blue Grass, m'chigawo cha Kentucky ku America, kutseka ntchito yowononga matani oposa 72,000. Chimenechi ndi chipambano chachikulu kwa dziko limene linaona chlorine ku Ypres mu 1915 ndi maliro a anthu pafupifupi 5,000 ku Halabja mu 1988. Koma mawu akuti zimene anaulula ali ndi malire. Sarin anapha anthu mazanamazana ku Ghouta, m'dziko la Syria, pa 21 Ogasiti 2013, ndipo anabweranso ku Khan Shaykhun mu Epulo 2017. Bambo wina dzina lake Kim Jong-nam anaphedwa ndi VX pa bwalo la ndege la Kuala Lumpur mu Febuluwale 2017. Aum Shinrikyo sinali dziko, ndipo sinasaine pangano lililonse. N'chifukwa chake panganolo, pamene likuletsa zida, limalola ndi kulimbikitsa kafukufuku wodzitetezera, ndipo limapatsa maiko onse amene ali m'panganolo ufulu wogawana zipangizo zodziwira poizoni.

Nkhani ya ku Salisbury, ku England, mu Malichi 2018 inaonetsa pamene ntchito yatsalira. Poizoni wa Novichok anapakidwa pa chogwirira cha chitseko cha nyumba ya bambo wina dzina lake Sergei Skripal, ndipo patapita miyezi mayi wina anafa atagwira, ku Amesbury, botolo lotayidwa limene linali ndi poizoni yemweyo. Mapoizoni a mtundu umenewu, monganso VX, satulutsa nthunzi yambiri. Amakhala phee pa chitsulo, pa nsalu, pa khungu, ndipo makina onunkhiza mpweya, a SAW ndi a njira zina zomwe, amavutika kuwamva. Amene anamuzindikira anali akatswiri a labotale ya Porton Down, ndipo a OPCW anatsimikiza. Mu Novembala 2019 maiko anagwirizana kuwonjezera mapoizoni a Novichok pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa, kusintha koyamba kwa mndandandawo chiyambire.

Ochita kafukufuku wa SAW akuyesa njira ziwiri. Ena akugwiritsa ntchito mafunde ogwedezeka cham'mbali, monga otchedwa Love, amene sazimiririka akakhudzana ndi madzi, kuti kamwala kathe kuyeza dontho lopukutidwa pa chitseko kapena lotungidwa m'thanki. Ena akusintha chopaka: m'malo mwa polima yonga mphira akuyesa zinthu zokhala ndi timabowo toumbidwa molingana ndi poizoni mmodzi, komanso maenzaimu enieni. Zambiri mwa zimenezi zikadali pa tebulo la labotale, ndipo mbiri ya JCAD ikutiuza kuti tisafulumire kuombera m'manja pepala lililonse lolonjeza kumva mlingo wochepetsetsa. Mayeso amene chopaka chatsopano chiyenera kukhoza ndi omwe aja amene gulu la ku Washington linadzipatsa mu 1993: kukhala mu mpweya wa chinyezi, wa utsi wa dizilo ndi nthunzi ya petulo kwa nthawi yaitali osalira, kenako n'kulira pa nthunzi yoyenera.